Chitupa cha Che Bilali

Zuhura anali atagwada pakhonde la sitolo pa Ulongwe, mapini ali kukamwa, akupinda m'munsi mwa diresi la Aphunzitsi Anastazia, koma mwini diresilo sankaima malo amodzi. Maso anali pa foni, miyendo ikudumphadumpha ngati waponda linthumbu.

"Aphunzitsi, mukapitiriza kuvina chonchi diresili lituluka lopendekera, kenako mukalengeze kusukulu kuti telala wa pa Ulongwe sapenya," anatero Zuhura atalavulira mapini m'dzanja.

"Pepani Abiti Swaibu, koma taonani kuno! Amalume anga aja anapita ku Joni ine ndisanabadwe, ana awo apezeka. Awa apawa. Tandiuzeni ngati mphuno iyi si yakwathu."

Zuhura anasuzumira. Mphunoyo inalidi yakwawo kwa aphunzitsi, yotambalala bwino, yosabisika. Atafunsa kuti awapeza bwanji, Anastazia anafotokoza mawu akupondana. Pa Watsapu panali gulu lotchedwa Kwathu Nkuti. M'menemo munali anthu ofufuza mizu ya mabanja awo, ena ana ndi zidzukulu za amuna amene anapita kumigodi ndi kumafamu akunja osabwerera, ena abale awo otsala kuno kumudzi. Uyu amatchula dzina, uyo amatchula mudzi, wina amatumiza chithunzi chakale, mpaka anthu n'kupezana.

"Inunso mulowe. Kodi si paja bambo anu anatchona ku Zimbabwe?"

Aphunzitsi ananena ndi mtima wabwino, koma mawuwo anagunda pachilonda. Che Swaibu anachoka mu 1968, Zuhura ali m'mimba, akuti kukafuna ntchito ku Rodeshiya, ndipo sanatumizeko ngakhale kalata imodzi. Zuhura anakula akumva anzake kuchitsime akumutchula kuti mwana wa mtchona. Tsopano anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu, ali ndi makina ake osokera ndi zidzukulu zitatu, komabe tsiku lililonse ankayankha dzina loti Abiti Swaibu, kutanthauza mwana wamkazi wa Swaibu, dzina la munthu amene sanamuonepo nkhope. Kufufuza anafufuza. Analemberapo kalata kuwayilesi, anatumapo madalaivala a mathiraki opita ku Harare, koma onse ankabwera ndi yankho limodzi: Swaibu wa ku Ulongwe palibe amene akumudziwa.

Chimene chinkamudya kwambiri masiku amenewo anali amayi ake, Abiti Akimu. Chidwalire dzinja lapitalo anali atatha thupi, ndipo Zuhura ankaona yekha kuti dzuwa lapendeka. Iye ankafuna kuti bambo ake awachitire sadaka amayi ake akadali ndi moyo, ashehe awerenge mapemphero a dua, anthu adye mpunga, nkhaniyo itsekedwe mwaulemu monga zimakhalira m'nyumba za anthu ena. Koma Abiti Akimu ankakana kwamtuwagalu. Ankati kuchitira sadaka munthu amene sunamve za imfa yake ndi kumulodza.

"Ine Chingerezi changa chinathera Sitandade 4," anatero Zuhura akubaya pini. "Ndikalowamo ndikangochititsa manyazi mtundu."

"Ndani wakuuzani za Chingerezi? Mumangodina apa n'kulankhula, ngati mukukalipira kasitomala. Zimenezo ndiye mumatha."

Diresi lisanavulidwe, Anastazia anali atamulowetsa kale.

Sabata yathunthu Zuhura anangokhala chete m'gulumo ngati mkamwini watsopano, akumvetsera. Ankati akaponda makina, foni ili pambali pa ulusi, ikulankhula. Munali mayi wina wa ku Kitwe amene ankafuna mudzi wokhala ndi milambe iwiri yoyang'anizana, poti ndi chokhacho chimene agogo ake ankakumbuka. Munali mnyamata wa ku Bulawayo amene Chichewa chake chinali chopunduka mwendo umodzi, koma akayamba kutchula mayina a makolo ake mtima unkachita kuwawa. Munalinso ena ongobwera kudzatsatsa nkhunda ndi mafuta odzola, ndipo amenewa ankathamangitsidwa tsiku lomwelo ndi mkulu wa gululo, Bambo Cephas, amene anapuma ntchito ya ukalaliki ku Balaka ndipo ankayendetsa gulu ngati ofesi ya boma.

Lolemba linalo Zuhura analimba mtima. Anajambula mawu katatu, katatu konse n'kufufuta, poyamba chifukwa minibasi inaimba huta, kachiwiri chifukwa mawu ananjenjemera, kachitatu popanda chifukwa. Kachinayi anatumiza asanadzimvetsere.

"Salamu aleikumu nonse. Ine ndine Zuhura wa pa Ulongwe. Ndikufuna bambo anga, Che Swaibu, anapita ku Rodeshiya mu 1968. Sindikufuna chuma chawo, iyayi. Ndingofuna kudziwa ngati ali moyo, ndipo ngati anatisiya, agona pati."

Mayankho anabwera ambiri, koma onse anali a pepani ndi tikupemphererani. Masabata atatu anadutsa. Zuhura anayamba kudzitukwana kuti waulula umphawi wa kunyumba kwa anthu osawadziwa, bandulo n'kumangotha pachabe. Ali pafupi kutulukamo, foni inalira. Anali Bambo Cephas.

"Mayi, ulusi mumagula kuti?"

"Ku Balaka konko."

"Ndiye tsiku lobwera kudzagula mudzandipeze. Nkhani ngati yanuyi siyimveka bwino pa foni."

Anawapeza Lachinayi m'mawa atakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo, atavala tayi ngakhale panalibe bwana wowayendera. Patebulo panali mabuku anayi akuluakulu achikuto cholimba, momwe ankakoperamo pamanja dzina lililonse lotchulidwa m'gulu. Ankati foni imagwera m'madzi, buku ayi.

Anafunsa mafunso mwandondomeko, akulemba. Dzina la agogo, dzina la mfumu, mwezi wochoka, ngati anakwera sitima pa Balaka kapena anayenda pansi kudzera ku Tete. Zuhura anayankha zimene ankadziwa. Kenako mkuluyo anavula magalasi.

"Nanga anapita ndi chitupa cha yani?"

"Cha yani bwanji? Chawo!" Zuhura anakwiya nthawi yomweyo. "Bambo anga anatisiya, inde, koma sanali wakuba."

"Mtima pansi, mayi. Safunsa anadya phula. Bambo anuwo anabadwira kuti?"

"Kutsidya kwa nyanja ya Chiuta, ku Mozambiki. Kuno anangobwera kudzakwatira."

"Anakhala zaka zingati asananyamuke?"

"Amati chaka chimodzi ndi miyezi."

"Ndiye mkamwini wa chaka chimodzi, wobadwira kutsidya, wosalembedwa m'buku la mfumu iliyonse ya kuno, chitupa cha boma la kuno anachitola kuti?"

Bambo Cephas anafotokoza modekha kuti masiku amenewo munthu sankalembedwa ntchito kunja popanda chitupa, ndipo amene analibe ankabwereka cha mchimwene wake, cha msuweni, ngakhale cha mlamu. Akafika kumgodi kalaliki ankalemba dzina la pachitupa, kapitawo n'kumaitana lomwelo, malipiro n'kumatuluka pa lomwelo, mpaka munthu n'kukalamba nalo. Kumudzi akufuna Yunusu, kumgodi kuli Jimu, chonsecho ndi munthu mmodzi.

"Mwakhala mukugogoda pakhomo loyenera, koma mukuitana dzina limene m'nyumbamo salidziwa. Pitani mukafunse amayi anu. Ngati alipo wodziwa, ndi iwowo."

Ulusi sanagule n'komwe. Anakwera minibasi yobwerera, anatsika asanafike pa Ulongwe, n'kutenga kabaza kulowera kumudzi kwawo kwa Kalembo. Njira yonse mtima unali ukumenyana. Ngati amayi ake ankadziwa, ndiye kuti anamuonerera akulemba makalata ndi kupempha madalaivala zaka zonsezi ali chete.

Anawapeza pamkeka pamthunzi wa nkhokwe, akusenda nandolo pang'onopang'ono ndi zala zowuma. Chapatali pang'ono, kuseri kwa khola la mbuzi, mchimwene wawo Che Bilali, malume ake a Zuhura, anali akuluka mkeka wa mlaza, ndevu zoyera zikugwedera pamene ankang'ung'udza kanyimbo. Zuhura anapereka moni, anakhala pansi, anasenda nawo makoko awiri atatu kuti asaoneke wobwera ndi nkhondo.

"Amao, bambo anga popita ku Rodeshiya anatenga chitupa cha yani?"

Nandolo zinagwa m'manja. Abiti Akimu anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anayang'ananso kunjira, kenako anatsitsa mawu mpaka kunong'ona.

"Wakutuma ndani? A boma?"

"Palibe wandituma."

"Nanga mawu amenewa wawatenga kuti? Iwe mwana, ufuna kumangitsa amjomba ako atakalamba chonchi?"

Basi, yankho linali litatuluka lokha. Amayi ake ataona kuti madzi atayika, anafotokoza, maso ali kunjira. Che Swaibu analibe pepala lililonse. Usiku woti anyamuka mawa, Che Bilali anawapatsa chitupa chawo, ndipo atatuwo analumbira atagwira Kurani kuti nkhaniyo isadzatuluke pakamwa pa munthu. Zaka zimenezo kuderali kunali kotentha, anthu ankatengedwa pa nkhani yochepa kuposa imeneyo osabwereranso. Patapita chaka, Che Bilali anakanena kuboma kuti chitupa chawo chinapsa ndi nyumba, ndipo anawapatsa china.

"Amao! Zaka zonsezi ine ndikufuna Swaibu, inu mukudziwa kuti kumeneko kulibe Swaibu?"

"Ndimati dzina lake lenileni sangalitaye. Munthu amataya dzina la ku jando? Ndimati anzake akumeneko akulidziwa. Komanso ndinalumbira, mwanangu. Mwamuna ndinali nditataya kale. Umafuna nditayenso mlongo wanga?"

Mkwiyo umene Zuhura anabwera nawo unasungunuka, m'malo mwake munalowa chisoni. Mayi wokalambayu anasenza mwala umenewu yekha zaka makumi asanu ndi zisanu, akutchedwa mkazi wosiyidwa, kuti ateteze mlongo wake.

"Boma limene mukuliopalo linatha kalekale, amao."

"Boma silitha," anayankha Che Bilali, amene anali atafika mwakachetechete atatsamira ndodo. "Limangosintha malaya."

Zuhura sanafune kutsutsana ndi akuluakulu awiri nthawi imodzi. Anakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira, n'kuimbira Bambo Cephas. Anakweza mawu a foni kuti onse amve.

"Dzina la pachitupa ndi Bilali Akimu," anatero Zuhura.

Pa foni kunamveka mapepala akutembenuzidwa mofulumira, kenako kuseka kwa munthu amene wapeza chinthu chimene chinamusowetsa tulo.

"Bilali Akimu wa kwa Kalembo? Mkulu wa ndevu zoyera, wa khola la mbuzi pafupi ndi njira?"

"Mukuwadziwa?"

"Ndiwaiwale bwanji, anandithamangitsa ndi ndodo! Mayi, zaka ziwiri zapitazo mayi wina wa ku Zimbabwe, dzina lake Fauziya, analemba m'gulu kuti akufuna abale a malemu bambo ake, Bilali Akimu wa ku Ulongwe. Ine ndinafunsira mpaka ndinafika pakhomo pomwe mulipo. Ndinapeza Bilali Akimu ali moyo, akumwetsa mbuzi. Nditawafunsa ngati anabwereketsapo chitupa, anakana kuti sadziwa ngakhale kumene kuli Rodeshiya. Ndinabwerera ndi manyazi, ndipo ena m'gulu anayamba kumunena mayi uja kuti ndi wakuba wofuna minda. Chiyambire pamenepo sanalankhulenso."

Zuhura anatembenukira amjomba ake. Che Bilali anali akuyang'ana mbuzi zawo mwachidwi chachikulu, ngati aziona koyamba.

"Amjomba, zoona zimenezi?"

"Nanga iwe ukanatani? Munthu wafika ndi tayi, buku lalikulu m'khwapa, cholembera m'thumba, n'kuyamba kufunsa za chitupa. Ameneyo umamupatsa mpando?"

Ngakhale Abiti Akimu anaseka, akupukuta maso ndi nsonga ya mpango.

Bambo Cephas analonjeza kumufunafuna Fauziya tsiku lomwelo. Zuhura sanabwerere ku Ulongwe. Mawa lake linali Lachisanu, ndipo anthu atangotuluka kumzikiti masana, foni inayamba kulira motsatizana. Zinali zithunzi zochokera kwa Fauziya. Choyamba chinali cha mkulu wowonda wovala kofiya, atakhala pampando kutsogolo kwa nyumba ya m'komboni. Zuhura anachiyang'ana nthawi yaitali. Chipumi chinali chake, ngakhale makutu otuluka aja amene anzake ankamuseka nawo kusukulu. Chachiwiri chinali cha kamzikiti kanjerwa, kopaka laimu. Chachitatu chinali cha manda, pali kachikwangwani kachitsulo kolembedwa ndi penti: Bilali Akimu, 1994.

Che Bilali anapempha kuti awaonetse chachitatucho. Anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, n'kupukusa mutu.

"Inalilahi. Ndiye kuti ine ndinamwalira kalekale, anthu inu osandiuza?"

Posakhalitsa Fauziya anaimba, nkhope yake ikuoneka pa foni. Anthu apakhomopo anawanyamula Abiti Akimu ndi mpando womwe kupita nawo pachulu. Fauziya anali mayi wa zaka za m'ma makumi anayi, wa ku mgodi wina kufupi ndi Kadoma, ndipo Chichewa chake chinali cha m'komboni, chosakanizika ndi Chishona apa ndi apo, koma chomveka. Anapereka moni atagwada, ngakhale anali kutali chotero. Abiti Akimu sanafulumire kusangalala. Maso awo sankaonanso bwino zithunzi, ndipo sanafune kulira maliro a mwamuna wa eni.

"Iwe mwana, bambo akowo dzanja lawo lamanja linali lotani?"

"Chala chaching'ono chinali chodukira pakati, amayi. Ankatiuza kuti inawaluma ng'ona pa nyanja ya Chiuta."

"Bodza!" anakuwa Abiti Akimu, mawu atabwerera ngati a mtsikana. "Ng'ona yake iti? Inali nkhwangwa, akusema mpini wa khasu langa! Ndinamanga ndine ndi chigamba cha nsalu yanga. Ndi yemweyo, wabodza uja, ndi yemweyo!"

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako kusekako kunatembenuka kukhala kulira, ndipo Zuhura anawagwira mapewa nayenso akulira. Kutsidya kwa foni Fauziya anali ataphimba nkhope.

Atatonthola, Zuhura anafunsa funso limene linakhala pakhosi pake moyo wake wonse.

"Chifukwa chiyani sanabwere?"

Fauziya sanawaikire kumbuyo bambo ake. Anati zaka zoyamba ankaopa kulemba kalata, poti ikanagwidwa ikanaulula za dzina. Kenako kunabuka nkhondo, njira zinatsekeka. Nkhondo itatha anali atakwatira mayi ake a Fauziya, ana atabadwa, ndipo manyazi anali atakula kuposa ulendo. Ankangonena kuti kwawo ndi ku Ulongwe, ndi kuti anasiyako mkazi ali ndi pakati. Ana akawafunsa kuti tipite liti, ankayankha kuti, "Ndikalowa m'mudzi ndi dzina liti?" Ana sankamva tanthauzo lake. Chifuwa cha mumgodi chinawatenga ali m'kati mosonkhanitsa katundu wa ulendo.

"Sindinena kuti anachita bwino, asisi. Analakwa. Koma ndikufuna mudziwenso mbali inayi."

Ndipo anafotokoza za kamzikiti kaja, kamene anthu akumeneko ankakatchula kuti mzikiti wa Che Bilali. Che Swaibu anaumba njerwa zake okha, akaweruka kumgodi, zaka zitatu. Ndiwo ankaphunzitsa ana a m'komboni kuwerenga Kurani. Koma chimene anthu akumeneko ankawakumbukira nacho kwambiri chinali china. Munthu wa ku Malawi akamwalira pamgodipo wopanda m'bale, Msilamu kaya Mkhristu, uthenga unkayamba kufika kwa iwo. Ankasambitsa mtembo, ankayenda khomo ndi khomo kufuna nsalu, ankakumba nawo manda, ndipo ankalemba m'kabuku dzina la munthuyo ndi mudzi wakwawo, kuti mwina tsiku lina abale adzafunsa. Kabukuko Fauziya anali nako. Munali mayina makumi anayi ndi atatu.

"Ankati mtchona asaikidwe ngati galu. Pa maliro awo, asisi, mgodi unaima. Anthu anachokera mpaka ku Chegutu."

Zuhura anamva chinthu chikukwera m'chifuwa chimene sanachimvepo chibadwire akamva dzina la bambo ake. Chilonda sichinapole, iyayi, munthu amene anaika m'manda alendo makumi anayi ndi atatu analephera kutumiza ngakhale mpango kwa mwana wake. Koma pambali pa chilondacho panamera kunyada, kwakukulu, kosabisika. Anadzipeza atawongola msana pachulupo.

"Kabukuko mukatumize kwa Bambo Cephas, tsamba ndi tsamba," anatero. "M'gulu muja muli anthu akulira mayina amenewo."

Abiti Akimu anakoka foni kuti iyang'ane kwa iwo.

"Anamusambitsa ndani?"

"Ashehe ndi ophunzira awo, amayi."

"Anamugoneka moyang'ana ku kibula, kumene timayang'ana popemphera?"

"Eya, amayi. Zonse zinachitika mwa Chisilamu."

"Nanga mayi ako alipo?"

Fauziya anazengereza, akuopa kumene funsolo linkalowera. "Anatisiya zaka zisanu zapitazo."

"Allah awakhululukire. Anandisungira mwamuna, anamuphikira, anamutseka maso. Ndilibe nawo mlandu. Koma udziwe kuti mkazi wamkulu ndine, ndiye iwe ndi abale ako ndinu ana anga. Chibale ndi fupa, sichiola. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Fauziya anafunsa mwaulemu kuti achite chiyani ndi chikwangwani cha pamanda, poti tsopano adziwa kuti dzinalo ndi la munthu wamoyo. Onse anayang'ana Che Bilali. Mkuluyo anasisita ndevu, akuoneka kuti zikumukomera kufunsidwa.

"Mzikitiwo ndikanakonda ukhalebe m'dzina langa, poti sindinaumbepo njerwa chibadwire ndipo mwayi wotere subwera kawiri," anatero. "Koma iyayi. Thukuta ndi la mlamu wanga. Lembanipo Swaibu, pamzikiti ndi pamanda pomwe. Langalo mundibwezere. Ndinangomubwereka, ndipo posachedwapa ndilifuna ndekha."

Foni inaduka. Mbuzi zinali zikulira kukhola kufuna kutsekuliridwa. Zuhura anagwada pafupi ndi mpando wa amayi ake, mosamala poti anali atakanidwa kambirimbiri pa nkhani yomweyi.

"Amao, nanga sadaka?"

"Ukufunsanso? Uwauze ashehe lero lomwe. Mpunga ukhale wa Kilombero, osati zinyenyeswa, ndipo amjomba akowa apereka mbuzi ziwiri."

"Ziwiri?" anadabwa Che Bilali.

"Imodzi ya maliro a mlamu wako, ina yothokoza kuti iwe wauka." Anatembenukira kwa Zuhura. "Ndipo iwe undisokere nsalu yoyera yopanda maluwa. Kuyambira lero ndikhala eda."

Che Bilali anatsokomola. Anafotokoza mosamala kuti eda ya mkazi wamasiye, miyezi inayi ndi masiku khumi osatuluka pakhomo, imawerengedwa kuchokera tsiku la imfa, ndipo ashehe aliyense anganene kuti nthawi yake inadutsa kale.

"Mlongo wanga, papita zaka pafupifupi makumi atatu. Palibe amene angakukakamize."

"Zinapita kwa amene anamva," anayankha Abiti Akimu. "Ine ndamva lero. Moyo wanga wonse m'mudzi muno ndakhala mkazi wothawidwa. Tsopano ndine mkazi wamasiye wa munthu amene mgodi unaima pa maliro ake, ndipo ndimulira monga mwa mwambo, aliyense aone."

Zuhura anatulutsa tepi m'chikwama nawayeza amayi ake pomwepo pachulu, kuchokera paphewa kufika kuchidendene, ndipo mayi wokalambayo anaimirira yekha osafuna womugwira.

Loweruka m'mawa Zuhura anafika pakhonde la sitolo dzuwa lisanakwere. Anasunthira pambali mayunifomu ndi madiresi a makasitomala onse, nayala nsalu yoyera patebulo. Mayi wogulitsa tomato pafupi naye, amene anakulira limodzi ndi kutunga chitsime chimodzi, anasuzumira n'kufunsa kuti kwagwanji.

"Bambo anga anamwalira," anatero Zuhura mokweza, kuti ndi a minibasi omwe amve. "Che Swaibu, amene anamanga mzikiti ku Kadoma. Sadaka ili Lamlungu la mawa lino kwathu kwa Kalembo. Mubwere nonse, ndipo mubwere ndi njala."

Anatenga sizasi nayamba kudula.